Keyala ya Bwana

Mawu akuti keyala tinawatola m'Chingerezi. Pa envulopu azungu ankalemba "care of", kapena mwachidule c/o, posonyeza kuti kalatayo idzere m'manja mwa munthu wina isanafike kwa mwiniwake. Makolo athu anawalemba mawuwa kawirikawiri mpaka anasanduka dzina la adiresi iliyonse, ndipo anzathu olankhula Chibemba nawonso amati akeyala. Pa ntchito yanga yomasulira ndimakumana ndi mawu obwereka ambirimbiri, koma ndi ochepa amene anasenza mbiri ngati awa. Akutiuza kuti panali nthawi imene munthu wakuda analibe adiresi yakeyake. Ankapezeka kudzera kwa mmishonale, kwa mphunzitsi wamkulu, ku sitolo ya mmwenye kapena kwa bwana amene ankamugwirira ntchito.

Malo amodzi kumene keyala yotere inalamulira miyoyo ya anthu kwa zaka zambiri ndi ku Trelawney, kasiteshoni ka sitima pakati pa Darwendale ndi Banket, m'boma la Zvimba, chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe. Njanji yochokera ku Harare kupita ku Chinhoyi imadutsa pamenepo. Dothi lake lamchenga limayanjana ndi fodya wa fuluu, ndipo m'nthawi ya atsamunda panali malo ofufuzira za fodya, a ku Kutsaga pafupi ndi Salisbury asanatsegulidwe. Fodya ndi mbewu yofuna manja ambiri. Pali kufesa nazale, kuwokera, kuthena, kuthyola masamba, kusonkhezera moto m'mabalani usiku wonse, ndiye kusankha magiredi. Ashona ambiri anali ndi minda yawo ndipo malipiro a pafamu sankawakopa, choncho eni mafamu anayang'ana kumpoto: ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata.

Mu 1903 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu ankalitcha chibalo chifukwa cha nkhanza zake. Ambiri ankalipewa n'kuyenda okha, pa selefu, wapansi, kudzaoloka Zambezi ku Tete. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kunabwera malole a Ulere onyamula anthu osalipira, ndipo mu 1946 kunabwera Mthandizi. Komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa mu 1935 inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a m'dzikomo anali kunja. Ena ankabwerera ndi njinga, jekete ndi makina osokera. Ena sanabwerere, ndipo kumudzi anawapatsa dzina loti machona.

Tikamakamba za machona timakonda kunena za mtima: akuti anaiwala kwawo, anakwatira Achizezuru, anachita manyazi kubwerera chimanjamanja. Zonsezo zinalipo. Koma palinso nkhani ya mmene kalata inkayendera. Mayi wa ku Dedza akafuna kulembera mwana wake, ankapempha mwana wasukulu kuti alembe dzina la munthuyo, kenako c/o dzina la mzungu, nambala ya bokosi, Trelawney, Southern Rhodesia. Bokosilo linali limodzi, koma kumbuyo kwake kunali komboni yonse, mwina anthu mazana angapo. Makalata akafika pafamu, kalaliki kapena kapitawo ndiye ankaitana mayina. Dzina limene linali m'buku la kalaliki nthawi zina silinali dzina limene mayiyo ankalidziwa, chifukwa pantchito anthu ankapatsidwa mayina ena kapena kudzipatsa okha. Komanso munthu ankatha kuchoka pa famu ina kupita pa ina fodya akangogulitsidwa. Kalata yofika pa dzina losadziwika inalibe kolowera.

Tsono lamulo losalembedwa linali ili: amene ali m'komboni ndiye ayenera kuyamba kulemba. Akalemba, a kumudzi apeza keyala ndipo yankho lifika. Akapanda kulemba, kapena akasamuka osanena, a kumudzi sangayambe okha ngakhale pagwe maliro. Blair Rutherford, amene anafufuza za moyo wa pa mafamu a ku Hurungwe m'chigawo chomwechi, anafotokoza kuti mwini famu ankalamulira antchito ngati boma laling'ono la pakhomo pake: nyumba, chakudya, milandu ndi alendo zonse zinkadzera kwa iye. Makalata nawo anali m'gulu lomwelo.

M'kati mwa komboni zinthu zinali zosiyana. Mlendo akafika madzulo, sipankatenga nthawi kuti apeze a kwawo. Mafunso ake anali odziwika: kumudzi n'kuti, mfumu yanu ndani, mfunda wanu ndani? Wina akati Phiri wa ku Ntcheu, mbiri inkayenda nyumba ndi nyumba mpaka Phiri mnzake atulukire ndi mbale ya nsima. Ng'oma za Gule Wamkulu, amene Ashona amati zvigure, zinkadzilengeza zokha Loweruka usiku. Ayao ankapezana ku mzikiti. A mpingo wa ku Nkhoma ankapezana m'mapemphero, chifukwa kuyambira 1912 mbusa T.C.B. Vlok anakhala ku Salisbury kuti azitumikira Anyasa a kumeneko, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inadzabala sinodi ya Harare ya CCAP mu 1965. Panalinso magulu othandizana pa maliro. M'kati aliyense ankadzitchula ndi kupezeka. Kunja kunali chipata chimodzi, ndipo kiyi anali ndi wina.

Mbiri iyi inandibwerera m'mutu chifukwa cha kamera. Msuweni wanga wina, mdzukulu wa mtchona, amagwira ntchito ku Harare koma amalima fodya pa kamunda kobwereka kufupi ndi Trelawney. Anagula kamera ya sola ndi karauta kolowetsa SIM kuti aziona balani lake pafoni, chifukwa fodya akauma akuba sagona. Akakhala kumundako, foni inkaipeza kamerayo yokha, osachita kuiuza. Akangofika ku Harare, zii. Kabuku kake kankati aone ngati UPnP yayatsidwa, kapena akonze port forwarding. Ananditumizira chithunzi cha tsambalo ndi uthenga woti: "Asuweni, inu munapita kutali ndi sukulu, tandimasulirani Chizungu ichi." Mawu awiriwo alibe anzawo m'Chichewa, ndipo kuti ndimufotokozere ndinayenera kuyamba ndi mbiri ya ma adiresi a pa intaneti.

Chipangizo chilichonse cholankhula pa intaneti chimafuna adiresi, imene ndi nambala. Dongosolo limene ambiri tikugwiritsabe ntchito, la IPv4, linalembedwa mu 1981 ndipo lili ndi ma adiresi pafupifupi 4.3 biliyoni. Pa nthawiyo chiwerengerochi chinkaoneka chosatha, moti oyambirira kufika anagawiridwa mowolowa manja. Kampani ya Apple inalandira ma adiresi onse oyamba ndi 17, ya Ford onse oyamba ndi 19. Chigawo chimodzi chotere chili ndi ma adiresi 16.7 miliyoni, pafupifupi chiwerengero cha Amalawi onse, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti anali 17.5 miliyoni. Africa inadzakhala ndi bungwe lakelake logawa ma adiresi, AFRINIC, la ku Mauritius, mu 2005, nkhokwe itatsala pang'ono kutha. Zigawo zikuluzikulu zatsopano zimene linalandira n'zowerengeka pa zala, zoyamba ndi 41, 102, 105 ndi 197. Pa 3 February 2011 nkhokwe yaikulu ya dziko lonse inagawa zigawo zake zomaliza.

Akatswiri anaona njalayi ikubwera. Mu 1994 Kjeld Egevang ndi Paul Francis anafotokoza njira yotchedwa NAT, imene iwo eni ankaiona ngati yongoyembekezera. Chaka chomwecho manambala ena, monga oyamba ndi 192.168 ndi oyamba ndi 10, anapatulidwa kuti azigwira ntchito m'nyumba ndi m'maofesi mokha. Kuyambira pamenepo nyumba yonse inatha kukhala ndi adiresi imodzi yodziwika kunja, ndipo amene amaisunga ndi rauta. Foni, kompyuta ndi kamera zili ndi manambala a m'kati amene kunja sadziwika, ndipo manambala omwewo akugwiranso ntchito m'nyumba zina mamiliyoni. Foni ikatumiza uthenga kunja, rauta imafufuta nambala ya m'kati, imalembapo adiresi yake, n'kulemba m'buku lake kuti uthengawu wachokera kwa uje. Yankho likabwera, imayang'ana m'bukumo n'kulipereka kwa mwiniwake. Koma uthenga wochokera kunja umene palibe wa m'kati anaupempha, rauta siidziwa woti imupatse, ndipo imautaya. Nditafika apa msuweni wanga anaseka n'kunena kuti rautayo ndi kalaliki wa pafamu basi. Sanalakwe. Lamulo lake ndi lomwe lija: wa m'kati ndiye ayambe.

Port forwarding ndi njira yophwanyira lamuloli mwadala. Adiresi iliyonse ili ndi makomo okhala ndi manambala, mpaka 65,535, ndipo khomo lotere ndi limene Achingerezi amati port. Masamba ambiri a pa intaneti amalandirira alendo pa khomo 443, ndipo makamera ambiri amatulutsira zithunzi pa khomo 554. Mwini nyumba amatha kuuza rauta kuti aliyense wogogoda pa khomo lakutilakuti azimulondolera kwa kamera, ngakhale kamerayo sinamuitane. Zili ngati wantchito kupangana ndi kalaliki kuti kalata iliyonse yochokera ku Dedza, kaya yalembedwa dzina lanji, azimupatsa iyeyo.

Nanga foni inkaipeza bwanji kamera kumunda kuja popanda kuuzidwa? Apa ndi pamene pali mbiri ya zipangizo zopezana zokha. Mu 1999 Microsoft inatsogolera makampani ena kukhazikitsa UPnP. Chipangizo chikalowa pa netiweki ya m'nyumba chimafuula kwa onse, pa khomo 1900, kuti ine ndine kamera, ndili pakuti. Foni nayo imatha kufunsa kuti kodi muno muli kamera? Mu 2002 Apple inatulutsa njira yake yofanana nayo, imene Stuart Cheshire anatsogolera. Poyamba inkatchedwa Rendezvous, ndipo mu 2005 anaisintha dzina kukhala Bonjour. Iyo imafuulira pa khomo 5353. Mfuu zimenezi zinapangidwa kuti zisadumphe rauta. Zimamveka m'komboni mokha, ngati funso lija la mfunda. N'chifukwa chake msuweni wanga akakhala pafupi ndi balani zonse zinkayenda, koma ku Harare foni yake inkafunsa popanda woyankha.

UPnP ili ndi mbali yachiwiri imene anthu ambiri saidziwa. Imalola chipangizo kupempha rauta kuti ichitsegulire khomo lakunja, ndipo pa marauta ambiri pempholo limavomerezedwa popanda pasiwedi, mwini nyumba osadziwa. Walira mvula walira matope. Mu January 2013 kampani yofufuza za chitetezo ya Rapid7 inalengeza kuti ma adiresi oposa 80 miliyoni ankayankha mafunso a UPnP ochokera kunja, chinthu chimene sichinayenera kuchitika n'komwe, ndipo pakati pa 40 ndi 50 miliyoni mwa iwo akanatha kuthyoledwa. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inkayendayenda pa intaneti kugogoda pa makamera ndi marauta, n'kumayesa mapasiwedi a kufakitale amene eni ake sanawasinthe. Zipangizo zimene inagwira zinagwiritsidwa ntchito pa 21 October chaka chimenecho kusokoneza kampani ya Dyn, ndipo Twitter ndi Netflix zinasiya kupezeka m'madera ambiri a ku America. Patapita masabata ochepa, mtundu wina wa Mirai unasokoneza intaneti ya kampani ya mafoni ya Lonestar ku Liberia. Khomo lotsegukira mwini nyumba limatsegukiranso wakuba.

Titamvana zimenezi tinayamba kufufuza, iye ali kumunda ine ndili pafoni. Choyamba anatsegula tsamba la rauta, limene nthawi zambiri limapezeka polemba 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, malinga ndi mtundu wake. Pa mndandanda wa UPnP tinapeza kuti kamera inali itadzitsegulira kale makomo ake. Kenako anazimitsa Wi-Fi pafoni n'kuyesa ndi bandulo, chifukwa khomo lakunja saliyesera m'nyumba. Sizinatheke. Chomaliza tinayang'ana adiresi imene rauta yokhayo inapatsidwa ndi kampani ya mafoni, ndipo inkayamba ndi 100.

Nambala imeneyo inamasula zonse. Mu 2012 ma adiresi a pakati pa 100.64 ndi 100.127 anapatulidwa kuti makampani a intaneti aziika makasitomala ambiri kumbuyo kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Ndiye kuti rauta ya msuweni wanga nayonso inalibe adiresi yakeyake. Inali pa keyala ya kampani, ndipo kamera inali pa keyala ya keyala. Ngakhale atatsegula makomo onse a rauta yake, chipata chachikulu chinali cha wina. Makampani a mafoni ambiri pa dziko lapansi amachita zimenezi chifukwa ma adiresi ndi ochepa, ndipo Starlink, imene inayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2023 ndi ku Zimbabwe mu 2024, imachitanso chimodzimodzi pa IPv4 ya makasitomala wamba. Popeza ambiri a ife tinalowa pa intaneti kudzera pafoni, intaneti imene tinapatsidwa ndi yotuluka nayo, osati yopezekerapo.

Njira imene inatsala ndi ya mkhalapakati. Kamera imalembera kompyuta ya kampani imene inaipanga, foni nayo imalembera komweko, ndipo popeza onse awiri ayamba okha, akalaliki onse amalola mayankho kudutsa. Mauthenga a WhatsApp amayendanso chotero. Msuweni wanga tsopano amaliona balani lake ali ku Harare, koma kamera yake imadalira kompyuta ya kutsidya kwa nyanja, ya anthu amene sadzawaona, ndipo tsiku limene adzaitseke kamerayo idzasanduka chidole. Tinazimitsa UPnP chifukwa inalibenso ntchito, ndipo anasintha pasiwedi ya kufakitale pa kamera ndi pa rauta pomwe.

Sindikunena kuti kusapezeka n'koipa nthawi zonse, ndipo mbiri ya pa mafamu payokha imakana zimenezo. Lamulo la Masters and Servants la 1901 linkati wantchito wothawa ndi wolakwira boma. Chitupa chinkalembedwa dzina la munthu, kwawo ndi bwana wake, kuti apolisi amupeze mosavuta. Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, anasonyeza mmene antchito a m'migodi ya ku Rhodesia ankathawira, kutaya zitupa ndi kusintha mayina kuti apulumuke kwa mabwana ankhanza. Kwa munthu wotero kusowa kunali chishango. Tsoka lake n'lakuti chishango chomwe chinamubisa kwa wapolisi chinamubisanso kwa mayi ake. Rauta imachitanso zomwezo: potaya mauthenga osapemphedwa imatchinga akuba ambiri, ngakhale kuti sanaipangire ntchito imeneyo, koma imatchinganso mwini wake. Vuto la makolo athu linali lakuti sankasankha okha woti awapeze.

Keyala ya bwana inatha mwadzidzidzi. Kuyambira 2000, pamene mafamu a azungu ankalandidwa ndi kugawidwa, panali antchito a pafamu oposa 300,000 m'dzikomo, ndipo ambiri anataya ntchito ndi nyumba pamodzi. Amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia analibe mudzi wothawirako. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, n'kufuna kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akakane unzika umenewo motsata malamulo a dzikolo. Anthu obadwira m'makomboni a ku Trelawney ndi Banket, amene sanaonepo Blantyre ngakhale ankatchedwa Mabhurandaya, anapezeka kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, koma lipoti la Amnesty International la 2021 linasonyeza kuti ambiri akadali opanda zikalata.

Kwa ochuluka a iwo, adiresi yoyamba imene inalidi yawo ndi nambala ya foni. Econet inayamba mu 1998, EcoCash mu 2011, ndipo lero munthu akasamuka, nambala imasamuka naye. Zoë Groves anatcha buku lake la mbiri ya Amalawi a ku Zimbabwe ndi mawu akuti Tracing Machona, kutanthauza kulondola machona, ndipo ntchito imeneyo tsopano mabanja akuichita okha: adzukulu a ku Zvimba akutumiza zithunzi za agogo awo kwa anthu a ku Mangochi ndi ku Ntcheu, kufunsa ngati alipo amene akuwakumbukira. Komabe SIM amalembetsa ndi chitupa. Wopanda chitupa amalembetsa pa dzina la mnansi kapena la mkazi wake, ndipo ndalama zake zimafikira pa dzina limenelo. Ameneyo akadali pa "care of".

Ku mbali ya makina, mankhwala a njala ya ma adiresi alipo kale. IPv6, imene inafotokozedwa mokwanira mu 1998, ili ndi ma adiresi okwanira chipangizo chilichonse pa dziko lapansi, moti kamera ya pa balani ikhoza kukhala ndi yakeyake popanda kudzera kwa wina. Mu 2016 Liquid Telecom inayamba kuipereka kwa makasitomala ake a m'nyumba ku Zimbabwe, koma pa mafoni ambiri a kwathu kuno sinafikebe. Ikadzafika, ntchito yolondera khomo idzagwera mwini nyumba: kudziwa zipangizo zimene zili pa netiweki yake, makomo amene ali otsegula, ndi amene anawatsegula. Ndi katundu wolemera, koma ndi katundu yemweyo amene agogo athu a ku Trelawney anamanidwa.

Ndinamutumizira msuweni wanga kumasulira kwanga m'mizere itatu. Rauta ndi kalaliki wa pachipata. UPnP ndi chizolowezi cha zipangizo chodzitchula mayina ndi kudzitsegulira makomo. Port forwarding ndi pangano lako ndi kalaliki, ndipo limagwira ntchito pokhapokha ngati bokosi la ku positi ndi lako. Iye anawerenga n'kuyankha kuti akagulitsa fodya wa chaka chino adzapita ku ofesi ya kampani kukafunsa mtengo wa adiresi yakeyake.